Adzamulipirira Ndani Wosauka? Kalata Yathu pa Nkhani ya Inshuwaransi ya Zaumoyo

Okondedwa abale ndi alongo athu a m'mapiri a Dedza, mafumu athu, atsogoleri a boma ndi a ndale, ndi inu nonse akufuna kwabwino,

Ife a bungwe la mpingo loona za chilungamo ndi ulamuliro wabwino tikukulemberani kalatayi pa nkhani imene yakhala ikukambidwa kwa zaka zingapo m'maofesi a ku Lilongwe, koma sinafike mokwanira pa mabwalo a m'midzi. Nkhaniyi ndi yokhazikitsa inshuwaransi ya zaumoyo ya dziko lonse. Mpaka lero dziko la Malawi lilibe inshuwaransi yotere, komabe nthawi zonse pamene ndalama za zipatala zaperewera maganizowa amadzukanso, ndipo tikuona kuti tsiku lina adzafika ku Nyumba ya Malamulo. Sitikufuna kuti tsikulo lidzakudzidzimutseni, pakuti amene adzapepukidwe ndi lamulo limeneli, kapena kulemedwa nalo, ndinu amene mumalima kachewere, nyemba ndi kabichi ku Bembeke, kwa Kasumbu, kwa Kaphuka, kwa Kachere ndi m'madera ena onse a boma lino, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 830,000.

Dzina lakuti inshuwaransi ndi lachilendo, koma chinthu chake timachidziwa kuyambira kale. Zovuta zikagwa pamudzi, nyumba iliyonse imatulutsa mbale ya ufa, mtolo wa nkhuni ndi kandalama kochepa, ndipo palibe amene amafunsa kuti iye adzapindula liti. Makolo athu ankati kupatsa n'kuika. Inshuwaransi ya zaumoyo ndi mbale yomweyo, kungoti imayenda munthu akali moyo: anthu ambiri amasonkha pang'onopang'ono ali bwino, kuti amene wadwala athandizidwe popanda kutulutsa ndalama tsiku la matendalo. Apa tivomereze chinthu chimodzi chotichititsa manyazi, chakuti m'midzi yathu yambiri ndalama ya bokosi imasonkhedwa msanga kuposa ndalama ya kabaza yotengera wodwala kuchipatala.

Chaulere chokhala ndi mtengo wake

Ena angafunse kuti, nanga inshuwaransi n'njachiyani poti zipatala za boma n'zaulere? Funsoli n'loyenera, ndipo tiyambe ndi kuyamikira kuti dziko lathu, ngakhale lili losauka, lasunga mfundo yakuti wodwala asalipire pa chipatala cha boma. Mankhwala otalikitsa moyo akhala akuperekedwa mwaulere kuyambira mu 2004, ndipo aliyense amene anaona kuchuluka kwa maliro m'zaka za m'ma 1990 akudziwa chimene mfundo imeneyi yapulumutsa. Gawo 13 la Malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa boma udindo wopereka chithandizo chokwanira cha zaumoyo kwa nzika zake.

Komatu taganizirani banja la mlimi wa kuseri kwa phiri, limene mwana wake wayamba kubanika ndi chibayo usiku wa mwezi wa Julayi, nyengo imene chisanu cha kuno chimalowa mpaka m'mafupa. Chipatala cha boma chili kutali, ndipo msewu ndi wokwera ndi wotsetsereka. Wa njinga yamoto amatchula mtengo wa usiku. Akafika, dokotala amamuona mwanayo mwaulere ndithu, koma nthawi zina mankhwala amene walemba m'kabuku sapezeka, ndipo mayi amauzidwa kuti akagule ku sitolo ya mankhwala. Mwana akagonekedwa, wodikirira ayenera kudya, ayenera nkhuni, ndipo kumunda kwatsala kopanda munthu. Akatumizidwa ku chipatala chachikulu cha pa Boma kapena cha Kamuzu ku Lilongwe, ulendo umatalika ndipo ndalama imachulukanso. Pofika tsiku lotuluka, banjali lagulitsa mbuzi imene linkasungira feteleza, kapena labwereketsa dimba lake kwa munthu wina, kapena lalowa katapila. Chaka chotsatira silikolola mokwanira, ndipo mtsikana wamkulu wasiya sukulu. Palibe risiti imene inalembedwa, koma banja limeneli lalipira, ndipo lalipira mtengo wokwera kuposa umene munthu wa pa ntchito akanalipira.

Pali chinanso chimene anthu a m'tauni sachidziwa bwino. M'madera ambiri a kumudzi chipatala chapafupi si cha boma koma cha mishoni. Zipatala za pansi pa bungwe la CHAM, limene eni ake ndi mipingo, zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno. Kuno tikuzidziwa: Mua, Bembeke, Kasina, Mtendere, ndi Nkhoma imene ili m'boma la Lilongwe koma imalandira anthu athu ambiri. Boma limalipira malipiro a ogwira ntchito m'zipatalazi, koma mankhwala, magetsi ndi mafuta a ambulansi zimadzipezera zokha, n'chifukwa chake zimalipiritsa. Motero Amalawi awiri osauka mofanana, okhoma msonkho ku boma limodzi, wina amachira mwaulere ndipo wina amalipira, kusiyana kwake kungokhala malo amene anabadwira. Ife sitingathe kukutchula kusiyana kumeneku kuti n'chilungamo.

Inshuwaransi imene tili nayo kale

Kunena zoona, dziko lino linayesapo kale kachidutswa ka inshuwaransi ya boma, ngakhale sikanatchedwe dzina limenelo. Kuyambira mu 2006 Unduna wa Zaumoyo unayamba kusainirana mapangano ndi zipatala za CHAM, akuti mayi woyembekezera ndi khanda lake athandizidwe mwaulere, ndipo chipatala chikatenge ndalama yake ku boma. M'malo ena mapanganowa anafikiranso ana osapitirira zaka zisanu. Taonani bwino mmene zinayendera: mayi sanalembetse, sanasonkhe pa mwezi, sanafunsidwe khadi. Anamulipirira ndi thumba la dziko lonse. Ndipo zotsatira zake zinaoneka, pakuti amayi opita kusikelo ndi okachirira kuchipatala anachuluka m'zipatala zimene zinalowa m'mapanganowa.

Koma mapangano omwewa atiphunzitsanso phunziro lowawa. Kangapo konse ndalama zochokera ku boma zinkachedwa miyezi yambiri. Chipatala chimene chagwiritsa ntchito mankhwala ake koma sichinabwezeredwe chimafika poti sichingagulenso ena, ndipo zipatala zina zinakakamizika kuimitsa mapangano n'kuyambiranso kulipiritsa. Mayi amene anayamba sikelo akudziwa kuti n'zaulere ankafika mwezi wake wochira n'kumva kuti zasintha. Pambuyo pa kubedwa kwa ndalama za boma kumene kunaululika mu 2013, pamene abwenzi akunja analeka kuika ndalama zawo mu bajeti, mayiko a Norway, Germany ndi Britain anathandiza kulipira mapanganowa kudzera m'thumba lapadera. Tikuwathokoza, koma tikudzifunsa ngati n'koyenera kuti moyo wa mayi wa ku Dedza udalire msonkho wa munthu wa ku Oslo. Kupitirira theka la ndalama zonse za zaumoyo m'dziko muno zakhala zikuchokera kunja, ndipo mu 2025, pamene boma la America linaimitsa gawo lalikulu la thandizo lake n'kutseka bungwe la USAID, tonse tinaona kuopsa kotsamira mtengo wa eni ake.

Amene amaganiza kuti kandalama kochepa sikangabweze wodwala pakhomo amve za ku Neno. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016 anapeza kuti pamene zipatala zina za m'bomalo zinayamba kulipiritsa, odwala obwera anachepa ndi 68 pa 100 aliwonse, ndipo pamene kulipiritsa kunachotsedwa anachuluka kupitirira kanayi. Anthu amene anasiya kubwera aja sanachire ayi. Anali kunyumba, akudwala. Akuluakulu athu akukumbukiranso chaka cha 1964, pamene boma la Dr Kamuzu Banda linaika tiki, ndiye kuti mapeni atatu, kwa odwala a m'zipatala za boma. Tiki imeneyi inali limodzi mwa madandaulo a nduna monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi pa mkangano umene unagwedeza dziko miyezi iwiri yokha chilandirireni ufulu. Nkhani ya amene alipire kuchipatala yakhala nkhani ya ulamuliro kuyambira pa chiyambi cha dziko lathu.

Zimene anzathu aona

Mayiko ena a mu Africa anatitsogolera pa njirayi, ndipo ndi bwino kuphunzira kwa iwo tisanapunthwe pa mwala womwewo. Anansi athu a ku Zambia anakhazikitsa lamulo lawo mu 2018, ndipo bungwe la NHIMA linayamba ntchito mu 2019. Wa pa ntchito amadulidwa 1 kwacha pa 100 iliyonse ya malipiro ake, bwana wake n'kuikaponso 1 kwacha. Njira imeneyi n'njosavuta pamene pali malipiro a pa mwezi oti n'kudula. Nanga mlimi wa kachewere adzadulidwa pati? Kuno kwathu anthu olembedwa ntchito ndi ochepa kwambiri, ndipo kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 99 ndi abambo 98 pa 100 aliwonse analibe inshuwaransi ya zaumoyo ya mtundu uliwonse. Ochepa otsalawo ndi a MASM ndi makampani ena otero, ambiri mwa iwo okhala m'mizinda.

Dziko la Ghana linayamba mu 2003, ndipo linachita mwanzeru potenga gawo lalikulu la ndalama pa msonkho wa zogulagula, n'kukhululukira ana, okalamba ndiponso, kuyambira mu 2008, amayi oyembekezera. Komabe nakonso boma linkachedwa kubweza ndalama, mpaka zipatala za mipingo za kumeneko zinachenjeza kangapo kuti zisiya kulandira makhadi. Ku Rwanda, kumene inshuwaransi ya m'midzi inayamba kuyesedwa mu 1999 n'kudzafikira anthu oposa 80 pa 100, chimene chinathandiza kwambiri n'chakuti boma linadzipereka kulipirira osaukitsitsa, ndipo zipatala zinali ndi chithandizo choti munthu aone phindu la ndalama yake.

Sitiyenera kupita kutali kokha. M'boma lathu lomwe lino, kumunsi kwa mapiri m'dera la Kachindamoto, anthu ozungulira chipatala cha mishoni cha Kaundu anayamba mu 2018 thumba lawo la zaumoyo, losonkha pang'ono mwezi ndi mwezi kuti liziwathandiza kulipira akadwala. Tikuwayamikira abale athuwa chifukwa aonetsa kuti anthu a kumudzi amamvetsa nkhaniyi ndipo angathe kuiyendetsa. Koma thumba la dera limodzi lili ndi malire ake. Osauka akamasonkherana okhaokha, thumba limakhala losauka ngati eni ake. Ndipo thumba lililonse lolowa mwa kufuna kwa munthu limakopa msanga odwaladwala, pamene athanzi amadikira. Wosaukitsitsa, amene lero wagona ndi njala, sangasonkhere matenda a mawa.

Maganizo athu

Ife sitikutsutsa inshuwaransi ya dziko lonse. Tikanakondwa kuona tsiku limene wolemera ndi wosauka, wa m'tauni ndi wa kumudzi, wathanzi ndi wodwala adzakhale m'thumba limodzi. Chimene tikukana ndi inshuwaransi imene idzasandutse khadi kukhala mlonda wa pa chipata. Ngati lamulo lidzati amene sanasonkhe asathandizidwe, ndiye kuti tiki ya 1964 yabweranso itavala dzina latsopano, ndipo banja lija la kuseri kwa phiri lidzataya ngakhale chaulere chochepa chimene lili nacho lero.

Tikumvanso mawu akuti anthu azolowera zaulere, ayambe kutengapo mbali. Mawu amenewa amatipweteka, chifukwa si oona. Mayi wa ku Thete akagula chitenje, malata kapena mayunitsi a foni amakhoma msonkho. Akakwera kabaza amalipira misonkho imene ili pa mafuta. Iye anasonkha kale. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti ndalama imene anasonkhayo inapita kuti. Mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti adzapereka 15 kwacha pa 100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo, koma dziko lathu zaka zambiri lakhala pansi pa mlingo umenewu. Ndipo zochepa zimene zaperekedwazo zadyedwa ndi kugwa kwa ndalama yathu, monga mu Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, pomwe mankhwala ambiri timagula kunja. Zina zabedwa pa njira, pakuti si chinsinsi kuti mankhwala olembedwa chizindikiro cha boma akhala akupezeka pa misika. Boma limene silinatseke chibowo cha nkhokwe lilibe nkhope yopempha wamasiye kuti athiremo chimanga china.

Chotero tikupempha kuti, lisanabwere lamulo lililonse, boma liyambe ndi chimene lili nacho kale m'manja. Mapangano ake ndi zipatala za mishoni alipiridwe pa nthawi yake, kuchokera mu bajeti ya dziko, ndipo akulitsidwe kuti kumene kulibe chipatala cha boma munthu aliyense, osati mayi woyembekezera yekha, alandire chithandizo chofunikira mwaulere. Nkhalamba ya nthenda ya shuga kapena yothamanga magazi nayonso ndi nzika. Boma likalephera kukhulupirika pa pangano laling'onoli, limene lili ndi zipatala zowerengeka, tidzalikhulupirira bwanji pa thumba la anthu mamiliyoni ambiri?

Lamulolo likadzabwera, lidzanene momveka kuti osauka adzalipiriridwa ndi boma. Kuwadziwa si kovuta monga kale: kuyambira mu 2017 tili ndi ziphaso za unzika, mabanja a pa Mtukula Pakhomo, amene anayamba ku Mchinji mu 2006, ndi odziwika, ndipo pali kaundula wa mabanja osauka. Komabe tichenjeze kuti Mtukula Pakhomo amafikira mabanja ochepa okha, pamene osauka a m'boma lino ndi ochuluka kwambiri kuposa pamenepo. Ndipo taona pa makuponi a feteleza mmene mndandanda wa maina umasandukira chida cha ndale ndi cha chibale. Mndandanda umene sungawerengedwe poyera pa bwalo la mfumu ndi wokayikitsa. Kwa alimi amene angathe kusonkha, nthawi yosonkhera itsate nyengo ya ulimi. Mlimi amakhala ndi ndalama akakumba kachewere ndi kugulitsa nyemba. Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zauma ndipo malungo achuluka, amakhala ali pa ganyu. Kumuchotsa m'kaundula chifukwa walephera kusonkha miyezi imeneyi n'kumutaya pa nthawi imene akufunikira chithandizo koposa.

Tikudandaulanso za zipinda zolipira m'zipatala za boma. Tikumva cholinga chake, chakuti amene ali nazo athandize chipatala kupeza ndalama. Koma dokotala ndi mmodzi yemweyo, ndipo chipinda cha opaleshoni n'chimodzi. Pakapanda kuyang'anira bwino, wa khadi adzalowa mmawa ndipo wa kabuku adzadikira mpaka dzuwa litapendeka. Maepiskopi, m'kalata yawo imene inawerengedwa pa 8 Malichi 1992, anadandaula kale za kusiyanitsa anthu pa chithandizo cha kuchipatala. Patapita zaka zoposa 30, sitikufuna kuti kusiyanitsa kumeneku kukhazikike m'lamulo.

Tidziyang'ane ifenso

Sikungakhale kuona mtima kuloza boma chala osadzifunsa tokha, pakuti zipatala zimene zimalipiritsa kumudzi ndi za mipingo yathu. Tikudziwa kuti sizichita izi chifukwa cha dyera, ndipo tikuthokoza masisitere, anamwino, azamba ndi madokotala amene amagwira ntchito usiku ndi usana ndi zipangizo zochepa. Komabe tikupempha oyendetsa zipatalazi kuti mitengo ndi mndandanda wa zimene zili zaulere pansi pa pangano la boma zipachikidwe pakhomo m'Chichewa, kuti mayi asalipitsidwe chinthu chimene boma lalipira kale. Wodwala mwakayakaya athandizidwe kaye, za ndalama zikambidwe pambuyo. Ndipo ma invoisi opita ku boma akhale oona, popanda kuonjezera ngakhale dzina limodzi, chifukwa mpingo umene ukufuna kuti boma likhale lokhulupirika uyenera kutsegula mabuku ake poyamba.

Boma lathu lili m'malire, ndipo abale athu a ku Angonia m'dziko la Mozambique, amene timalankhula nawo chinenero chimodzi ndi kukwatirana nawo, amabwera ku zipatala zathu. Nkhani ya mmene mayiko awiriwa angagawanire mtengo wa chithandizo chawo ikambidwe ndi maboma, osati isiyidwe kwa kalaliki wa pa zenera kuti abweze mayi amene ali pa ululu wa kuchira.

Kwa inu mafumu, makhansala ndi aphungu athu, tikupempha kuti nkhaniyi muitengere kwa anthu isanafike pa voti. Makomiti a zipatala, amene ambiri mwa iwo amangoonekera tsiku lolandira mankhwala, apatsidwe mphamvu yowerenga zimene zalowa ndi zimene zatuluka, ndipo azipereka lipoti kwa anthu a m'dera lawo. Ofesi yolandira madandaulo a odwala, imene ili m'zipatala zathu, anthu aidziwe ndipo asaope kuigwiritsa ntchito.

Kwa inu abale ndi alongo, tikupempha kuti kalatayi iwerengedwe m'miphakati, m'magulu a amayi ndi a achinyamata, ndi m'mabanki m'khonde. Mukatha kuwerenga, khalani pansi muwerengere pamodzi: m'chaka chapitachi, ndi nyumba zingati m'mudzi mwanu zimene zinagulitsa chiweto, kubwereketsa munda kapena kulowa katapila chifukwa cha matenda, ndipo ndalamayo inathera pa chiyani, pa ulendo, pa mankhwala kapena pa zenera la chipatala? Musalembe maina a anthu, lembani chiwerengero ndi chifukwa chake. Zimene mupeze muzipereke kwa a komiti ya bungwe lathu a m'dera lanu kukolola kusanathe, kuti tikazitule ku khonsolo ya boma la Dedza ndi kwa aphungu onse a boma lino.

Ife anu pa utumiki,

Bungwe la mpingo loona za chilungamo ndi ulamuliro wabwino, Dedza